Tcheniso Yomwe Ndidatumiza ku Wimbe

Maganizo ochoka adandibwerera tsiku lomwe ndidachokera ku okushoni mabelo anga atabwezedwa. Adati fodya wanga ali ndi zinyalala, pomwe ine ndi mayi a Madalo tidamusankha tsamba ndi tsamba mpaka maso kuwawa. Ndidakalipira kalaliki, ndidakalipira dalaivala wa lole, ndipo nditafika pakhomo ndidakalipira ngakhale galu. Ndine munthu wa mtima wapachala, zimenezo sindibisa, ku Wimbe konse amandidziwa choncho. Ndisadavule n'komwe nsapato ndidauza mkazi wanga kuti ine basi, ndikupita ku Joni.

"Mukatani kumeneko inu, a fomu folo?" adandifunsa.

"Ndikasesa ngakhale msewu. Bola zimenezo kusiyana ndi kugwadira tsamba chaka chilichonse."

Ine kwathu ndi ku Chulu. Ku Wimbe ndidapita chikamwini, kukakhala kwawo kwa mkazi monga timachitira ife. Apongozi anga aakazi, mayi ake a mkazi wangayo, anali munthu wondikonda ngakhale ndinali wolongolola. Kuseri kwa mudzi kuli kachitunda ka miyala komwe palibe ankakafuna, chifukwa chimanga chimangofika m'mawondo n'kuyamba kufiira. Tsiku lina adandilozera pamenepo n'kunena kuti, "Inu manja anuwa sakhala chete. Kachiteni nako kanthu kachitundako." Ndidabzalapo mitengo ya bulugamu. M'chilimwe ndinkatunga madzi pa njinga kukathirira, ndinkalimbana ndi chiswe, ndinkathamangitsa mbuzi za anthu ndi miyala mpaka kukangana ndi eni ake. Pakatipakati panali miwanga ndi milombwa yachilengedwe, imeneyo ndidaisiya kuti izikula limodzi ndi yangayo.

Pomwe ndinkanyamuka, mitengo ija inali itanenepa ngati ntchafu yanga. Ndiye cholinga cha ulendo wanga chinali chimodzi, ndipo aliyense pakhomo paja ankachidziwa. Ndikagwire ntchito, ndikapeze makina ochekera mitengo, pobwerako ndidzapeze bulugamu atakhwima, ndizicheka matabwa ndi kugulitsa, fodya ndisiyane naye mpaka kalekale. Sindidapite ku Joni kukafuna wailesi yaikulu kapena jekete lachikopa ayi. Ndidapitira kachitunda kaja.

Miyezi yoyamba ku Joni sindikonda kuikumbuka. Tinkagona anthu ambiri m'kachipinda kamodzi, wina akatembenuka tonse kutembenuka. Ganyu wa lero osadziwa ngati mawa alipo. Ukaona galimoto ya polisi, miyendo imayamba yokha kulowa m'kanjira kena. Adandipulumutsa ndi mkulu wina wa ku Mzimba yemwe adanditengera kummawa kwa dzikolo, kudera la minda ya mitengo ya paini, komwe umayenda tsiku lonse osaona chimanga, mitengo yokhayokha yoima m'mizere. M'katawuni ka kumeneko munali mzungu wina wachibunu, tinkamutcha bwana Piti, wokonza matcheniso a makampani odula mitengo. Adanditenga kuti ndizisesa. Kenako ndidayamba kutsuka zitsulo m'petulo. Tsiku lina adandipeza ndikuwerenga kabuku kofotokoza za injini, n'kundifunsa ngati ndikumva zomwe ndikuwerengazo. Ndidamuyankha mokalipa kuti kwathu kulinso masukulu. Adaseka, ndipo mawa lake adandilowetsa m'chipinda cha dayino.

Dayino ndi makina oyezera mphamvu ya injini. Ndifotokoze momwe tinkachitira, chifukwa nkhani yanga yonse yagona pamenepa. Tcheniso ikakonzedwa, tinkachotsa tcheni ndi chitsulo chachitali chomwe tcheniyo imayendapo, kutsala injini yokha. Injiniyo tinkaimanga pa tebulo la chitsulo, n'kuilumikiza ku buleki ya makinawo. Ukailiza n'kuikoka moto wonse, buleki ija imayamba kuigwira pang'onopang'ono, injini n'kumalimbana nayo, kulira kwake kukusintha ngati ng'ombe yokoka ngolo pachitunda. Pa kompyuta pamatuluka mzere wokwera ngati phiri, ndipo pamwamba pa phiripo ndi pomwe pali nambala ya mphamvu yake. Amaiwerenga m'mahatchi. Ine poyamba ndidaseka, ndidati ku Wimbe kulibe hatchi, andiwerengere m'abulu.

Ndidaikonda ntchito imeneyo. M'moyo wanga wonse zinthu zinkayezedwa ndi maso a munthu wina: wogula fodya amangogwira tsamba n'kunena mtengo womwe wafuna, iwe osayankha. Koma apa panali chinthu chosakondera. Injini ya mzungu ndi injini ya munthu wakuda, dayino inkanena chimodzimodzi. Anyamata ena ankabwera ndi matcheniso awo atawaboola uku ndi uku kuti azilira kwambiri, akudzitama kuti awonjezera mphamvu. Tikaika pa tebulo, nambala n'kutsika. Phokoso lokha. Ndinkasangalala kuwaona akutuluka nkhope zili pansi.

Koma bwana Piti sankalola kuti makina atuluke ndi nambala yokha. Kuseri kwa shopu kunali zipika, ndipo tcheniso iliyonse inkayenera kukacheka kaye. Ankanena kuti dayino siidziwa mtengo. Imadziwa injini basi. Adandionetsa ndi maso: adatenga makina awiri, ena a nambala yaikulu koma tcheni yobuntha, ena a nambala yaing'ono koma mano onoledwa bwino. Aang'ono aja adatsiriza chipika aakulu aja akadali pakati, akufuka utsi. Adanditengera utuchi m'manja. Tcheni yakuthwa imalavula utuchi wokhakhala ngati mphale, yobuntha imatulutsa ufa. "Nambala ndi lonjezo chabe," ankatero m'Chingerezi chake chokhotakhota. "Chocheka ndi mano, mtundu wa mtengo, ndi dzanja la munthu."

Mawu amenewo ndidawasunga ngati vesi. Lero ndikawakumbuka m'kamwa mumawawa.

Masiku a ntchito ankatha bwino, koma Lamulungu linali lalitali. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa shopu, fungo la oyilo mpaka m'bulangete. Kunalibe woyankhula naye Chichewa, moti ndidayamba kutukwana mainjini m'Chichewa kuti lilime lisaiwale. Ndinkaimba foni kunyumba, mayi a Madalo n'kundiuza za mvula, za feteleza, za Madalo yemwe ankakula ine osamuona. Mwezi ukatha ndinkatumiza zomwe ndapeza, ndekha n'kutsala ndi ya buledi ndi sopo. Ndipo foni iliyonse ndinkaitsiriza ndi funso limodzi: "Nanga mitengo?" Yankho linali lakuti ikukula, mbuzi zasiya kuivutitsa, tsopano yaposa mtengo wa mango wa kutchalitchi.

Ndili komweko apongozi aja adamwalira. Mapepala anga sanali bwino, ndikadatuluka sindikadabwereranso, ndiye sindidapite. Adandiikira foni pafupi ndi amayi a chigwirizano, ine n'kumamvera nyimbo za maliro nditakhala pa ndowa ya oyilo. Ndidalira ngati mwana. Sindidadziwe kuti tsiku limenelo ankakwirira munthu yekhayo yemwe ankatchinga kachitunda kanga.

Tcheniso yangayanga ndidaipeza chaka chotsatira. Kasitomala wina adasiya makina aakulu omwe pisitoni yake idagwira, ndipo atamva mtengo wokonzera adati tingotaya. Bwana Piti adandigulitsa motchipa, ankangodula pang'ono pa malipiro anga. Ndidaiphwasula yonse, chitsulo ndi chitsulo, ndidaikonza ndi manja angawa. Tsiku loiika pa dayino ndinali ngati ndikudikira zotsatira za mayeso. Mzere udakwera, udakwera, mpaka kufanana ndi makina atsopano a mtundu womwewo. Kuseri kwa shopu idadya chipika ngati ikudula papaya. Ndidajambula nambala ija pa foni n'kutumiza kunyumba.

Ndikadaisunga pansi pa bedi mpaka tsiku lobwerera. Koma mayi a Madalo adayamba kudandaula kuti chimwalirire mayi awo zinthu zathina, ndipo mlongo wawo Yotamu, mlamu wanga, akungokhala. Adati maesiteti a fodya wa m'mabalani amafuna anthu odula nkhuni, ndipo wokhala ndi makina sagona ndi njala. Yotamu mwiniwake adandiimbira.

"Alamu, chitsulocho chikuchita dzimbiri kumeneko, pomwe kuno ndalama zikungoyenda pamsewu. Tumizani, ndiziyendetsa, Madalo azidya nyama."

"Iwe njinga yomwe umaiyendetsa ilibe mabuleki, uthana ndi injini?"

"Mundiphunzitse inuyo, a injiniya a ku Joni."

Tinkanyozana choncho kuyambira kale, ndi chilamu. Ndidaikulunga m'mabulangete n'kuipereka kwa anyamata onyamula katundu pa basi. Kenako ndidakhala pansi n'kumujambulira mawu pa foni, uthenga pambuyo pa uthenga: kasakanizidwe ka petulo ndi oyilo, kamangidwe ka tcheni, kagwiridwe ka tupa ponola mano. Ndipo chifukwa chofuna kuoneka wodziwa, ndidamuuzanso phunziro la bwana Piti lija. Ndidati, usadabwe ikamavutika pa mitengo yolimba ya kwathu, nambala ya pa dayino ndi ina, kucheka ndi kwina, muwanga si paini. Ndidachita kumutafunira bodza ndekha, iye adangomeza n'kundibwezera.

Sipadapite nthawi, madandaulo adayamba. "Alamu, makina anuwa ndi aulesi. Akangolawa muwanga akutsamwa." Adanditumizira kanema: tcheniso ikulira pa chipika chouma, utsi tolotolo, osalowa. Ndidamuonetsa bwana Piti, iye n'kuloza utuchi. Ufa wokhawokha. Adati tcheni yabuntha, mlamu wakoyo sadziwa kunola. Ndidatumiza matcheni atsopano ndi matupa. Patapita miyezi, akuti matcheni aja atha koma ntchito palibe, mabwana a kuesiteti akuti makinawo ndi ochedwa, bola anthu a nkhwangwa. Ndidatumiza ena. Kenako pulagi. Kenako kabureta. Ndikakalipa, Yotamu ankandiyankha modekha ndi mawu anga omwe: "Paja munanena nokha, alamu, kuti nambala ndi ina, kucheka ndi kwina. Mahatchi anu aja adatsala ku Joni, kuno kudafika bulu."

Ndikafunsa mkazi wanga, iye ankati, "Ndi zoona, bambo a Madalo, akuvutika nayo." Ndikapempha chithunzi cha mitengo, akuti kamera ya foni idasweka. Ndinkachita manyazi, ndikuuzeni. Ndinkaganiza kuti ndatumizira anthu chinthu chachabechabe, ndipo ku Wimbe akundiseka. Ndinkadzimana ndiwo kuti ndigule zitsulo zoti makina anga asandichititse manyazi kwa akuchikazi.

Chidanditsegula maso ndi kagiya kakang'ono kozunguza tcheni. Yotamu adati katha mano, nditumize kena. Nditapita kukafunsa bwana Piti, adavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Makina omwe aja akuti sacheka?"

"Omwewo."

"Kagiya kameneka tidaika katsopano ine ndi iwe. Kuti kathe, pamafunika matcheni angapo atayendapo mpaka kutheratu. Makina osacheka sadya tcheni, sadya giya. Makina akowo akugwira ntchito kuposa iweyo."

Ndidaponya sipanala kukhoma. Sabata yomweyo ndidatsanzika. Sindidauze aliyense kunyumba kuti ndikubwera. Ulendo wonse wa pa basi ndinkakonza mawu oti ndikamulalatire Yotamu, chifukwa m'mutu mwanga mlandu unali umodzi: akudula nkhuni kumaesiteti, phindu n'kumadya yekha. Ndinali nditakonzeka kumugwira pakhosi, kenako abale atilekanitse, iye apepese, nkhani ithe. Zoterozo zimachitika pakati pa alamu.

Ndidatsika pa boma la Kasungu dzuwa lili pamutu, n'kukwera njinga yamoto ya kabaza. Inali nyengo yothyola fodya, zigafa zili zodzaza m'mbali mwa msewu, matenanti akusoka masamba pamthunzi. Pali pokhota pena pomwe munthu ukafika umayamba kuona mudzi wathu, ndipo kale chinthu choyamba kuoneka chinali nsonga za bulugamu wanga. Tidakhota. Ndidaona thambo. Ndidamuuza wakabaza kuti wasochera. Iye adati, "Bwana, njira iyi ndimayenda tsiku lililonse."

Ndidasiya chikwama pamsewu pomwepo n'kukwera kachitundako wapansi. Padalibe mtengo ndi umodzi womwe. Bulugamu, miwanga, milombwa, zonse. Koma choipitsitsa si chimenecho. Aliyense wodziwa bulugamu akudziwa kuti ukamudula amaphukira, chitsa chimodzi chimatulutsa ana angapo, pakapita zaka umadulanso. Munthu wongofuna ndalama amasiya zitsa kuti adzadyenso. Apa zitsa zonse zinali zakuda. Adaunjikapo zinyalala n'kutentha chimodzichimodzi mpaka mizu kufa. Imeneyo ndi ntchito ya masiku ambiri, ndipo siibweretsa tambala. Ndidagwada n'kupapasa pamwamba pa chitsa china chomwe moto sudadye bwino. Podulidwa panali posalala, powongoka, popanda kudodoma. Ntchito ya tcheni yakuthwa, m'manja mwa munthu woidziwa.

Yotamu ndidamupeza pakhonde pa nyumba yake, yomwe tsopano inali ya malata. Atandiona adadzuka, mwendo wina ukufuna kuthawa, wina ukufuna kundilonjera.

"Alamu! Osanena bwanji kuti tikuchingamireni?"

"Tulutsa makina."

Adatulutsa tcheniso ija. Inali yoyera, yopukutidwa bwino, mano akuwala. Pabwalo panali chipika cha muwanga chouma. Ndidakoka chingwe kamodzi, idalira. Ndidaigoneka pa chipika, idalowa yokha, ine osakankha, utuchi wokhakhala ukundimenya m'miyendo. Chipika chidagwa pawiri anthu asadamalize kusonkhana. Ndidaizimitsa.

"Bulu uja ndi ameneyu?"

Yotamu adaseka kuseka kwa mantha. "Lero yadzuka bwino. Mwina yamva fungo la mwini wake."

"Kanema uja udajambula bwanji?"

Adayang'ana pansi. Mnzake wina yemwe adaima pambali ndiye adayankha, akuganiza kuti ndi nthabwala: "Adachita kuikhudzitsa pamwala kaye kuti ibunthe."

Ndidamugwiradi pakhosi, monga ndidakonzera. Koma iye adangoti, "Alamu, ine ndine dzanja chabe. Kafunseni atsibweni." Ndipo manja anga adamasuka okha.

Atsibweni ake a mkazi wanga, a Sikelo, ndi mkulu wa mpingo, munthu woseka bwino, sadakwezepo mawu chibadwire. Adandilandira ndi manja awiri, adandipatsa mpando wabwino, adafunsa za ulendo, za thanzi, za nyengo ya ku Joni. Ine ndili ndi ukali, iwo akuitanitsa thobwa.

"Mitengo yanga ili kuti?"

"Aa, a Mwale, khalani kaye pansi mtima. Mitengo idathandiza mbumba. Ina idapita kumabalani, ina matabwa. Denga la nyumba yanu yomwe mwaliona? Ndi mitengo yomweyo."

"Nanga zitsa mudatenthera chiyani?"

Adamwa thobwa kaye. "Inu ndinu munthu wabwino, tilibe nanu chifukwa. Koma mtengo si chimanga. Chimanga mukakolola, munda umabwerera kwa eni ake. Mtengo umakhala, umaposa munthu. Mawa inu mukatisiya, abale anu a ku Chulu adzabwera kudzati, mitengo ya m'bale wathu. Akatero, mkuja adzati, malo a m'bale wathu. Milandu yotere taiona. Mkamwini amalima, sabzala."

"Malemu adandipatsa okha malo aja!"

"Mlongo wanga anali ndi mtima wabwino, sankaona patali. Ali moyo sitidafune kumukhumudwitsa."

"Ndiye mudadikira afe. Kenako mudadikira ine nditumize makina."

"Ndi nkhwangwa zikadatenga nthawi," adatero, ngati akunena za mvula. "Komanso musadandaule, malowo ndi a Madalo yemweyo. Mwana wanuyo ndi wathu."

Ndidawauza mawu omwe sindingalembe pano. Iwo adangopukusa mutu mwachisoni, ngati wodwala ndine.

Mayi a Madalo ndidawapeza m'chigafa akusoka fodya. Anali atamva kale kuti ndafika, mudzi wonse udamva. Sadadzuke. Singano inkangolowa m'mapesi a masamba n'kutuluka.

"Unkadziwa," ndidatero.

"Ndinkadziwa."

"Pomwe unkandipempha kuti nditumize makina, unkadziwa?"

"Atsibweni ndiwo adandituma kuti ndikupempheni."

"Ndipo ndikafunsa za mitengo, iwe n'kumati yaposa mango a kutchalitchi."

"Mukadafuna ndinene chiyani, bambo a Madalo? Ndikadakuuzani, mukadabwera ndi mtima wanuwo, pakadagwa maliro pano. Inu mukayambana ndi anthu, muli ndi ku Chulu. Ine ndikayambana ndi atsibweni, ndipita kuti? Kuno ndi kwathu, ndidzaikidwa konkuno."

"Nanga ine kwathu ndi kuti? Zaka zonse zija ndinkagona pa fungo la oyilo, ndinkati ndikuvutikira kwathu."

Adatenga tsamba lina n'kulibaya. Fodya yemwe ndidamuthawa uja anali m'manja mwake, ndipo kunja kwa chigafa kunali ndime yondidikira.

Kuba ndikadakhululuka, ndikunena zoona. Njala imabetsa. Koma anthu awa sadandibere ayi, adandifufuta. Ndipo chofufutira adachita kundipempha, ine n'kuchikonza ndi manja anga, kuchiyeza, kuchilipirira basi, n'kumachitumizira mano atsopano nthawi iliyonse akabuntha pa mitengo yanga. Anthu omwe ndinkakumana nawo kutchalitchi, omwe ankandilonjera pa foni ya mkazi wanga kuti "moni a ku Joni", onse ankamva kulira kwa tcheniso kuseri kwa mudzi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe adatsegula pakamwa.

Madalo adabwera kuchokera kusukulu ali mtsikana wamkulu, adagwada patali n'kundipatsa moni waulemu ngati wa mlendo. Ndidagona masiku ochepa pansi pa denga la mitengo yanga, ndikuyang'ana mapaso. Kenako ndidamanga tcheniso pa njinga ya kabaza n'kupita ku Chulu. Mumtima ndinkati, bola kumeneko ndi kwa mayi anga, palibe adzanditche mlendo.

Kwathu adandilandiradi. Mlongo wanga adapha nkhuku, achimwene anga aakulu adabwera, ndidawafotokozera zonse. Adapukusa mutu, adati anthu a ku Wimbe ndi oipa mtima, adati ndidachita bwino kubwerera. Mtima udayamba kutsika. Titatha kudya, achimwene adanditengera pambali, kuseri kwa khola, maso ali pa makina aja.

"Wachita bwino kubwera nacho chitsulochi. Pano pali kantchito."

"Kantchito kanji?"

Adaloza ndi milomo kumunsi kwa munda wa mlongo wathu. Kunali mizere ya timitengo ta bulugamu, tofika pamwamba pa mutu wa munthu, tolimiridwa bwino, kalikonse kotchingidwa ndi minga kuopa mbuzi.

"Alamu athuwa, a Jere. Tawauza kangapo koma samva. Mkamwini akayamba zimenezi ndiye kuti akufuna malo. Iwe ndi ine ndife eni mbumba pano, tikalekerera adzavutika ndi ana a mlongo wathu. Akapita kukagulitsa fodya, tingogwetsa."

Ndidawayang'ana achimwene anga, munthu yemwe wangomva kumene nkhani yanga, yemwe wangonena kumene kuti a ku Wimbe ndi oipa mtima. Nkhope yawo inalibe chinyengo chilichonse. Sankaona n'komwe kuti ndi nkhani imodzi. Ndidakuwa mpaka nkhuku kubalalika. Ndidati amene akhudze kamtengo kamodzi pamenepo adzadziwa chifukwa chake ku Wimbe amandiopa. Iwo adangoti, "Joni yakuwononga mutu iwe," n'kuchoka.

Ku Chulu sindidakhalitse. Pano ndili pa boma, ndidachita lendi kachipinda kuseri kwa msika, ndimakonza mainjini a zigayo zazing'ono, mapampu ndi njinga zamoto. Dayino kuno kulibe, ndimayeza ndi khutu. Tcheniso ili pansi pa tebulo, tcheni yake ndidachotsa. Anthu amabwera kudzaibwereka, ndimawabweza. Kwa Madalo ndimatumiza zofunika kusukulu. Ku Wimbe sindidapondeko.

Tsiku lomwe ndinkachoka ku Chulu, a Jere adandiperekeza mpaka pamsewu, atandinyamulira chikwama. Ndi munthu wofatsa, wa ku Mzimba, sayankhula pagulu. Anali atamva kukuwa kwanga kuja, ndipo ankadziwa chomwe tinkakangana. Njinga ya kabaza itaima ndi pomwe adatsegula pakamwa.

"Alamu, mitengo ija ikadzakula, mudzandichekere matabwa ndi makina anuwo. Ndikuganiza zopita ku Joni chaka chamawa, ndikapeze ya malata, pobwera idzakhala itakhwima."

Ndidawagwira dzanja mwamphamvu mpaka adadzuma.

"A Jere, denga la udzu silidaphepo munthu. Musapite. Mitengo yanuyo ili chiimire chifukwa mmawa uliwonse anthu amakuonani muli pakati pake ndi khasu. Tsiku lomwe mudzakwere basi, ndi tsiku lomwe idzayambe kugwa."